Za Njinga ya Thonje ya Makolo Athu

Mukafunsa mwana wa sukulu lero kuti njinga nchiyani, adzakulozerani chitsulo cha mikombero iwiri chimene anyamata a kabaza anyamulira anthu pa Dyeratu kapena pa Nchalo. Sadalakwe mwanayo. Koma mau amenewa ndi akale koposa chitsulocho. Makolo athu a m'chigwa chino cha Shire anali nayo njinga yao Azungu asanadze ndi yokwerayi, ndipo yaoyo inali kamtengo kopotera thonje, kakang'ono kotero kuti mwini ankangokasomeka kutsindwi akatha ntchito. Owerenga Buku Lopatulika lija la 1922 adzakumbukira kuti pa Miyambo 31 otembenuza adatchula njinga ya thonje pokamba za mkazi wangwiro. Kumeneko kwa Aisrayeli wopota anali mkazi. Kuno kwathu anali mwamuna.

Ichi chidabwitsa ambiri a ife, pakuti tidakula tilikuona amai ndi alongo athu okha atagwira ulusi, ndipo mwamuna wopezedwa alikuluka masokosi pakhonde angasekedwe ndi mudzi wonse. Tsono tiyeni, abale, tibwerere m'mbuyo, tione umo ulusi udachokera m'manja mwa atate, nusowa zaka zambiri, nubweranso m'manja mwa amai, koma wogula kusitolo.

M'chaka cha 1667 wansembe wina Mpwitikizi, dzina lake Manuel Barreto, adalemba za maiko a m'mbali mwa Zambezi. Potchula malonda a dziko la Amaravi adanena za minyanga ya njovu, chitsulo, akapolo, ndi machila, ndizo nsalu zochindikala za thonje. Natinso nsaluzo zinali kufunidwa kwambiri kwa Akaranga, tsidya lija la Zambezi, kumene lero titi Zimbabwe. Potero tidziwa kuti zaka zoposa 350 zapitazo, m'masiku a mafumu a Lundu, anthu akuno sanali kungodziveka okha ai, koma anali kuvekanso mitundu ina. Dzina la nsaluyo lilipobe pakamwa pathu, ngakhale lidasintha ntchito. Nsalu yolimba yotere ankaimanga kumtengo nanyamuliramo Apwitikizi, pambuyo pake Azungu a Boma ndi amishoni omwe. Ndipo lero tikati machila tiganiza za chonyamulira wodwala kuchipatala, osaganizanso za woomba nsalu.

Amene adatisiyira mbiri yomveka bwino ndiye David Livingstone. Iye adakwera mtsinje wa Shire m'mwezi wa January 1859 pa sitima yochedwa Ma Robert, pamodzi ndi Dotolo John Kirk, kufikira mathithi a Kapichira adawatsekera njira. Adabweranso kawiri chaka chomwecho, nasiya sitima pa mudzi wa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa tsopano, nayenda pansi kukaona nyanja ya Chilwa ndi nyanja yaikulu ija. M'buku limene adalemba ndi mng'ono wake Charles, losindikizidwa m'1865, asimba kuti banja lililonse lodziwika linali ndi kamunda kake ka thonje, kawirikawiri kakang'ono, ndi kuti kunali kosowa kulowa m'mudzi osapeza amuna alikuyeretsa thonje, kupota, kapena kuomba nsalu. Adapeza mitundu itatu ya thonje, iwiri yochokera kunja ndi umodzi wakonkuno. Lakunjalo ankaliti thonje manga, dzina lonena za kugombe kwa nyanja ya mchere, monga literonso dzina la chimanga. Linali lokhalitsa m'munda, lobzalidwa kamodzi pa zaka zitatu, ndipo a ku Manchester adaliyamika kuti lifanafana ndi labwino la ku New Orleans. Lakonkuno ankaliti thonje kaja. Linali lalifupi, lokhakhala m'manja ngati ubweya wa nkhosa. Komabe ambiri adalikonda ilo koposa linzake, chifukwa nsalu yake sinali kung'ambika msanga.

Kapotedwe kake kanali kotere. Poyamba ankachotsa njere, ena ndi zala, ena pokunkhuniza kachitsulo kobulungira pamwamba pa kathabwa, kuti njere zithawire mbali imodzi. Atatero ankalimwaza thonjelo ndi kulikoka, likhale chingwe chachitali chofewa, chosapotedwa. Pamenepo mwini ntchito ankatenga njinga yake, ndiyo kamtengo koongoka kokhala ndi cholemera chozungulira kuti kazungulire nthawi, naipukusa. Thonje lija nilipoteka koyamba, nilikhala lonenepa monga chingwe cha nyali. Ankalikulunga chimpira chachikulu, nalibwezanso kunjinga kachiwiri kuti lilimbe ndi kupyapyala. Ulusi ukakwanira, woomba ankakhoma zikhomo pansi, nayala ulusi wa m'litali pakati pa mitengo iwiri, nakhala chonjuta pambali pake, kupititsa ulusi wopingasa uku ndi uku ndi kuuthina ndi mtengo wosalala, kufikira nsalu yatha.

Livingstone adati ntchito yonseyi inali yochedwa momvetsa chisoni. Sitimtsutsa: inalidi yochedwa. Iye mwini adalowa ntchito m'nyumba ya makina opota thonje ku Blantyre wa ku Scotland ali mwana wa zaka 10, kuyambira m'mamawa kufikira usiku, ndipo adadziwa kuti makina amodzi apota tsiku limodzi ulusi umene mudzi wathunthu sungathe pa mwezi. Koma tiyesa kuti pamenepa adayesa ntchito ya makolo athu ndi muyeso wosayenera. Mmang'anja sanali kupota moimbidwa belu. Khasu linali ndi nthawi yake, ukonde ndi bwato zinali ndi nthawi yao, ndipo njinga inkalowa m'mipata yotsala: dzuwa la October likakula kotero kuti munthu sangaponde mchenga, kapena pabwalo pamene akulu alikumva mlandu wotalika. Pakamwa palikukamba, makutu alikumva, zala zilikupota. Akazi anali ndi ntchito yao yaikulu yopanga mchere m'malo a chikungu, ndipo mchere ndi machila zinkapita kumapiri kukasinthana ndi makasu. Mwana wamwamuna ankaphunzira kupota pongokhala pafupi ndi atsibweni ake kapena atate ake, popanda tsiku loikika la phunziro. Nsalu yovala mai m'nyumbamo, mwanayo ankadziwa munda umene idachokera ndi dzanja limene lidaiomba.

Nanga mlendoyo adasamaliranji thonje lathu chotere? Chifukwa makina a ku Lancashire ankadya thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, ndipo iye adakhulupirira kuti Angerezi akamagula thonje kwa anthu aufulu a ku Shire, mafumu adzaleka kugulitsa anthu. Cholinga chinali chabwino, ndipo sitichinyoza. Koma tizindikire chinthu chimodzi: chimene a ku Manchester ankafuna ndi thonje losapota. Nsalu anali nazo zao, zofuna msika.

Asanadze ogulawo, tsoka lidayamba kufika. M'1862 ndi 1863 mvula idakana, nkhondo za ogwira akapolo zidabalalitsa midzi, ndipo njala idapha anthu osawerengeka. Amishoni a UMCA, amene adachoka ku Magomero nadzakhala kwa Chibisa atamwalira Bishopu Mackenzie m'January 1862, adaona zoopsazo ndi maso ao, naikanso anzao m'manda komweko. Livingstone pokweranso mtsinje m'1863 adakomana ndi mitembo ilikuyandama pamadzi, ndi midzi ya zii momwe kale adapezamo opota pabwalo. Luso lokhala m'manja, losalembedwa m'buku, limwalira pamodzi ndi mwini wake. Ndipo ana opulumuka njalayo ambiri adakula opanda mkulu wowaonetsa.

Njinga sidafe chaka chimenecho ai. Midzi idamangidwanso pansi pa Amagololo aja adatsala, akina Kasisi, Chipatula, Maseya ndi Katunga, ndipo okalamba ena adapotabe. Chimene chidaitsiriza ndi nsalu ya m'mabelo. Mishoni ya Blantyre idayamba m'1876, kampani ya Mandala m'1878, ndipo katundu wao yense ankatsikira padooko la kwa Katunga ndi kukwera phiri pamitu ya amtengatenga. Malipiro a masiku amenewo anali nsalu, yoyesedwa ndi mikono ndi mikwamba. Mnyamata wosenza katundu masabata owerengeka ankabwera ndi nsalu yoyera, yosalala, yoposa imene atate ake akadaomba dzinja ndi malimwe. Tisamdzudzule mnyamatayo, ifenso tikadasankha chimodzimodzi. Kuti nsalu yatsopanoyo inali kutha msanga, adachidziwa pambuyo pake.

Boma la Angerezi lidakhazikika m'1891, nilidza ndi msonkho wa nyumba wa mashilingi atatu. M'1902 eni makina a ku Manchester adapanga bungwe lochedwa British Cotton Growing Association, lofunafuna thonje m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, ndipo lidamanga makina ochotsera njere ku Port Herald, ndiko ku Nsanje. Njanje yochokera komweko idafika ku Blantyre m'1908. Kuyambira m'1923 Boma lidapangana ndi bungwelo kuti ilo lokha ligule thonje la alimi a m'midzi pa mtengo woikika. Amang'anja ndi Asena obwera kuchokera ku dziko la Apwitikizi adalima thonje lambiri koposa kale lonse, makamaka m'madimba a m'mphepete mwa mtsinje, kufikira madzi a Shire adakwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 namiza minda yambiri. Taonani tsono chodabwitsa: pamene chigwa chidadzala ndi thonje, ndi pomwe opota adatheratu. Thonje lidasanduka chinthu chopita pasikelo, chobweza ndalama ya msonkho ndi ya nsalu ya kusitolo ya Mmwenye. Kusungako dengu limodzi kuti ulipote kunali ngati kutaya ndalama.

Ulusi udabwerera m'nyumba zathu podzera khomo lina. Akazi a amishoni, pophunzitsa atsikana kusoka ndi kuchapa, adawaphunzitsanso kuluka ndi singano ziwiri, monga adaphunzirira iwo kwa amai ao m'maiko ozizira, kumene pa nkhondo ya 1914 ndi ya 1939 akazi ankalukira asilikali masokosi. Pambuyo pake misonkhano ya amai a Mvano ndi magulu ena a mumpingo, ndiponso alangizi a ntchito za pakhomo, adafalitsa lusoli m'midzi. Pokhala ophunzitsa anali akazi, ndi ophunzira akazi, anthu adayamba kuyesa kuti ulusi ndi wa akazi chiyambire, naiwala za agogo ao aamuna aja a pabwalo.

Wina angafunse moseka kuti, masokosi a chiyani ku Chikwawa, kumene ngakhale malaya alemera? Wofunsayo sadagonepo m'chigwa mwezi wa June pamene chiperoni chilikuomba, ndiponso sadalerepo khanda. Mai woyembekezera aliyense afuna kuti tsiku lake likafika akhale ndi kachipewa, timasokosi ndi kajuzi. Ndipo anamwino atiuza kuti mwana wobadwa masiku osakwana ataya kutentha msanga, kotero kuti pomuika pachifuwa cha amake ayenera kumveka kumutu ndi kumapazi. Chifukwa chake zoluka zambiri za kwathu nzazing'ono, zokwana m'dzanja limodzi. Tidaona amai athu alikuziluka monga umo makolo ankapotera, m'mipata ya ntchito zina: podikira kuti nyemba zipse, pamzere wa kusikelo ya ana, pamaliro usiku, mwana wina ali kumsana, wina alikukoka mpira wa ulusi kuti asewere nao. Chidendene cha sokosi ndicho chivuta, pakuti pamenepo pafunika kuwerenga. Ndipo tikumbukira kuti mwana wofunsa kanthu nthawi imeneyo ankayankhidwa ndi diso lokha. Singano za kusitolo zikasowa, ankatuma mnyamata kwa wokonza njinga kukapempha masipoko awiri akutha, nawanola pamwala.

Koma ulusiwo sudali wa m'munda mwathu. Kudakhala nthawi imene tidayandikira kuvalanso thonje lathu: fakitale ya David Whitehead and Sons idayamba kupota ndi kuomba mu Blantyre m'1967, ndipo chaka chotsatira Boma lidayamba ntchito yaikulu yokweza ulimi wa thonje m'boma la Chikwawa, likulu lake ku Ngabu. Ambiri a ife tidavala zitenje ndi yunifolomu za sukulu zoombedwa kumeneko. Pambuyo pake misika idadzala ndi kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo za kunja, fakitaleyo idafooka, nigulitsidwa m'2003. Ulusi wa mitundumitundu umene amai agula lero, wambiri suli wa thonje kapena wa nkhosa, koma wopangidwa m'makina kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka.

Ndipo si onse angathe kuugula. Chaka china, nyengo yokolola thonje, tidacheza pakhomo pa mbale wathu wina kufupi ndi Ngabu. Pakhonde padali mabelo atatu odikira ogula, amene adali atachedwa, ndi mtengo wao usanamveke. Mkazi wake adakhala patsinde pa mabelowo, atatsamira limodzi, alikumasula juzi yakale ya pakaunjika imene adagula dala chifukwa cha ulusi wake. Mtsikana wao adatambasula manja awiri kuti amake akulungepo ulusi wopindikapindikawo. Pambuyo pake adauviika m'madzi ofunda kuti uongoke, nauyanika pachingwe. Tidafunsa bambo wa nyumbayo, munthu wa imvi amene walima thonje moyo wake wonse, ngati adaonapo munthu alikulipota. Adayamba waseka, nati, “Achimwene, kupota thonje ndi manja?” Atakhala chete pang'ono adatapa kathonje pabelo, nachotsa njere ndi zala, nakapotera pantchafu monga apotera chingwe cha mlambe, nati agogo ake ankatero pofuna chingwe cha koloboyi. Kachingweko kadatalika ngati chikhato chimodzi, nikaduka.