Voti ya kwathu kwa Khombedza

Ndinabadwira kwa Khombedza, m'boma la Salima, m'mbali mwa msewu wopita ku Nkhotakota. Bambo anga anali Mchewa wa mpingo wa CCAP, pomwe mayi anachokera kwa Ayao a Chisilamu a kugombe la nyanja. Tinkadyera mbale imodzi popanda chovuta kufikira pamene ndale za zipani zambiri zinatipeza.

Pa 14 Juni 1993, pa riferendamu, bambo anasankha tambala wakuda. Amalume anasankha nyali. Chaka chotsatira, pa 17 Meyi 1994, Bakili Muluzi wa UDF anagonjetsa Dr. Kamuzu Banda wa MCP. Maboma monga Kasungu, Dowa ndi Lilongwe anakakamira kwa Kamuzu, koma kuno kunyanja mavoti anagawikana, ndipo Muluzi anapeza anthu ambiri. Bambo ndi amalume anatha miyezi itatu osapatsana moni.

Kugawikanaku kuli ndi mizu yake. Ayao anafika m'dera lino m'zaka za m'ma 1800 pa nkhani za malonda, nakhazikika pakati pa Achewa, nakwatirana nawo. N'chifukwa chake chipani chimene chimati Salima ndi thumba lake chimadzinamiza.

Mu 2009 ndinaona china. Alimi a thonje ndi chimanga kwathu sankafunsanso za mtundu kapena chipembedzo. Ankakamba za makuponi a feteleza amene Bingu wa Mutharika anayambitsa mu 2005. Bingu anapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse m'dziko lonse, ndipo kwa nthawi yoyamba bambo ndi amalume anavotera munthu mmodzi.

Mu 2014 Peter Mutharika analowa m'boma ndi mavoti 36 okha pa 100. Khoti litafafaniza chisankho cha 2019, linagamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Lazarus Chakwera anapambana motero pa 23 Juni 2020, naye Mutharika anabwerera motero pa 16 Seputembala 2025. Pansi pa lamuloli, chigawo chimodzi sichikwanira kumuika munthu pampando, ndipo voti ya dera losakanizika ngati lathu yakwera mtengo.

Bambo ndi amalume onse anatisiya. Adzukulu awo, amene ambiri anabadwa Kamuzu atamwalira kale mu 1997, akamva andale akulonjeza amayamba afunsa mtengo wa feteleza ndi wa thumba la chimanga.