Mbale ya futari ili ndi mbiri yake

Abale ndi alongo, zomwe timadya pa futari kuno ku Nambuma sizidabwere tsiku limodzi. Makolo athu ankadalira mapira ndi mawere. Chimanga, mbewu yochokera ku America, chidatenga mibadwo kuti chilande malo awo. Shuga ndi wadzana: fakitale ya Nchalo idayamba kupanga mu 1966, ya Dwangwa mu 1979. Kenako padabwera mafuta ophikira a m'botolo, mandasi ndi zakumwa zotsekemera, ndipo kabaza adatichepetsera kuyenda pansi popita kumsika wa Nsaru kapena Kabudula. Matupi athu adayamba kulemera osazindikira. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi.

Chomwe chidalowa pang'onopang'ono chimatulukanso pang'onopang'ono, ndipo Chisilamu chidatiwonetsa kale njirayi. Mowa udaletsedwa m'magawo. Kusala kwa Ramadhan kudalamulidwa mu 624, chaka chachiwiri cha Hijra, ndipo poyamba munthu ankaloledwa kudyetsa wosauka m'malo mosala, kufikira mitima itazolowera.

Ifenso tiyambe ndi zochepa. Sabata yoyamba, tichotse supuni imodzi ya shuga mu tiyi. Yachiwiri, mbatata yowiritsa ilowe m'malo mwa mandasi. Yachitatu, mtanda wa nsima uchepe, masamba achuluke. Yachinayi, tipite ku tarawehe wapansi. Odwala shuga ayambe aonana ndi dokotala. Eid ikadutsa, tisabwezerenso supuni ija mu tiyi.