Masiku Awiri a Mapemphero ku Lusaka, April 1953

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha m'caka ca 1945, mitengo ya nsaru, mabulangeti ndi makasu inali itakwera kwambiri, koma malipiro a anthu akuda anali pomwepo. Oyamba kuonetsa kutopa kwao anali anchito a pa njanji. M'mwezi wa October 1945 ananyanyala nchito ku Bulawayo, ndipo m'masiku owerengeka sitalakayo inatsata njanji, niwoloka Zambezi, nifika ku Broken Hill, kumene lero akuti Kabwe. Boma la ku England linazindikira kuti anchito opanda atsogoleri odziwika ngobvuta kukambirana nao, ndipo m'caka ca 1947 linatumiza William Comrie kudzathandiza anthu akuda a m'Northern Rhodesia kukhazikitsa mabungwe ao. Bungwe la anchito a ku migodi linabadwa mu 1949, mtsogoleri wace ali Lawrence Katilungu. Mu October 1952 bungwelo linaimitsa migodi masabata atatu mwabata, ndipo kuciyambi kwa 1953 malipiro anakwezedwa.

Atsogoleri a Congress anaona mphamvu imeneyi naisirira. Nthawi imeneyo nkhani ya Citaganya ca maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, inali itatsala pang'ono kutha, ndipo makalata ndi nthumwi zotumizidwa ku London sizinaphule kanthu. Mu March 1953 Harry Nkumbula anatentha pamaso pa khamu la anthu ku Lusaka kabuku ka Boma kofotokoza za Citaganyaco, naitana anthu onse kuti pa 1 ndi 2 April asapite ku nchito, koma akhale kunyumba kupempherera dziko. Anawacha masiku a mapemphero. Koma Azungu ndi anthu akuda omwe anadziwa kuti imeneyi ndi sitalaka ya dziko lonse yobvala cobvala ca ku calici.

Sitalakayo inalephera. Katilungu sanaturutse anthu ace, poganiza kuti bungwe limene langopambana kumene pa mlandu wa malipiro lisaponyedwe m'nkhondo ya ndale. Ndipo kupatula ku Mufulira, migodi inagwira nchito monga mwa masiku onse. Boma nalo linali litacenjeza kuti wanchito wace ali yense wojomba adzacotsedwa. Ku Lusaka anthu ena analimba mtima nakhala kunyumba, ndipo ena mwa iwo nchito inawathera pomwepo.

Ambiri posimba mbiri imeneyi amaloza cala Katilungu yekha. Mlandu ali nao ndithu, koma nkoyenera kuyang'ananso m'mene munthu wa ku Lusaka anali kukhalira. Lusaka, amene anakhala likulu la dziko mu 1935, analibe mgodi wosonkhanitsa amuna zikwizikwi pansi pa bwana mmodzi. Anchito ace anali omwazika: amesenjala a m'maofesi a Boma, omanga nyumba, ophwanya miyala, ogulitsa m'masitolo a Amwenye, makhukhi ndi osamalira maluwa ku mayadi a Azungu. Khukhi akajomba, ajomba yekha, ndipo dona amdziwa nkhope ndi dzina. M'mawa mwace pacipata paima kale wina wofuna nchito, citupa cace ciri m'manja.

Coposa ici cinali nyumba. Lamulo la 1948 linalamula olemba nchito kupezera anchito ao pokhala, ndipo m'zaka zotsatira anamanga Matero ndi kukuza Chilenje, kumenenso kunali ofesi ya Congress. Anthu anakondwera nazo nyumbazo, pakuti tsopano mwamuna akanatha kukhala ndi mkazi ndi ana m'tauni mosabisala. Koma lendi anali kulipira ndi bwana, ndipo nyumba inali kuyenda pamodzi ndi nchito. Cotero munthu wa ku Matero pomva mau a Nkumbula sanali kuwerengera malipiro a masiku awiri okha. Anali kuwerengera denga, sukulu ya ana, ndi ulendo wa pa lole wobwerera ku Petauke kapena ku Fort Jameson ndi katundu pamutu. Amene anajomba masiku awiriwo anadziwa zonsezi, najombabe.

Panali anthu ena amene cingwe cimeneci sicinawamange kwenikweni. Kunja kwa malire a tauni, pa mafamu ndi pa migodi ya miyala, eni malo anali kulola anthu kumanga tinyumba ta dothi nalandira kandalama mwezi ndi mwezi. Ndimo anakulira makomboni onga George ndi Kalingalinga, ndi komboni ya Roberts imene pambuyo pace inachedwa Chawama. Kunalibe mipope yokwanira kapena miseu, ndipo akuluakulu a tauni anali kuwayesa malo osaloledwa. Koma wocotsedwa nchito sanali kuturutsidwa m'nyumba imene anaumba yekha.

Citaganya cinakhazikitsidwa caka comweco ca 1953, ndipo mu August Kenneth Kaunda anasankhidwa kukhala mlembi wamkuru wa Congress, nadzakhala ku Chilenje. Atsogoleri anali ataphunzira kanthu pa kugwa kwa April. Kuciyambi kwa 1954 anaitana anthu a ku Lusaka kuti aleke kugula m'mabucha amene anali kugulitsa munthu wakuda nyama yokulungiratu kudzera pa kazenera ka kumbali, pamene Mzungu alowa pakhomo nasankha yekha. Apa panalibe wocotsedwa nchito kapena wolandidwa nyumba, pakuti palibe lamulo lokakamiza munthu kudya nyama. Amai, amene sitalaka ya April inawasiya pambali, ndiwo anaima pafupi ndi mabucha kubweza anzao, ndipo m'makomboni anthu anadyera nsima ndiwo zamasamba ndi nsomba zouma masabata angapo.