Mbiri ya Gulu la The Very Best: Chicheŵa m'Nyumba za Dansi za ku London

Omvera athu nonse m'maboma a dziko lino, makamaka inu a ku Limphasa, Mpamba, Chintheche ndi Kande, lero tikamba mbiri ya gulu lina la oimba limene linabadwira ku Mangalande koma liwu lake ndi la mwana wa kwathu konkuno.

Poyamba timasulire mawu aŵiri. Ku Mangalande akati "indie" amanena oimba amene sadalira makampani akuluakulu ojambula nyimbo, koma amadzijambulira okha kapena kupyolera m'timakampani tating'onoting'ono. Ena mwa oimba otere anayamba kuphatikiza magitala ndi ng'oma za makina zovinira m'nyumba za dansi, ndipo maimbidwe ameneŵa ndiwo anatchedwa "indie dance". Mumtsinje umenewu ndi m'mene munayandama bwato la gulu la The Very Best.

Mwini liwu ndiye Esau Mwamwaya, wobadwira ku Mzuzu, pamwamba pa zitunda zimene msewu umatsika nazo popita kudambo la mpunga la Limphasa. Anakulira ku Lilongwe, ndipo kumeneko ankaimba ng'oma m'magulu a oimba, kuphatikizapo Masaka Band. M'chaka cha 1999 anapita ku London. Sanapezeko nsanja kapena kuwomba m'manja ayi. Anapeza kasitolo kogulitsa mipando ndi katundu wina wogwiritsidwa kale ntchito, m'dera la Clapton kum'maŵa kwa mzindawo. Ambiri a inu a m'mbali mwa nyanja muli ndi abale amene anapita ku Joni kapena ku Harare ali ndi luso lawo m'manja, nakagwira ntchito ina yosiyana nalo kotheratu. Esau anali mmodzi wa apaulendo otere.

Tsono pafupi ndi kasitoloko panali nyumba yojambulira nyimbo ya anyamata aŵiri odzitcha Radioclit: Etienne Tron wa ku France ndi Johan Karlberg wa ku Sweden. Tsiku lina Tron anagula njinga yakale kwa Esau. Pa malonda a njingawo ndi pamene panayambira chinansi, ndipo posakhalitsa aŵiri aja anazindikira kuti wogulitsa mipando uja anali ndi liwu lokwera, loyera ngati madzi a ku Usisya.

M'chaka cha 2008 atatuŵa anatulutsa nyimbo zawo zoyamba, nazigaŵa ulere pa intaneti. Njira yawo inali yachilendo: ankatenga maimbidwe a nyimbo zodziŵika kale, monga za M.I.A., za gulu la Vampire Weekend ndi za Michael Jackson, Esau n'kuikamo mawu ake a Chicheŵa. Achinyamata a ku London ndi ku New York anavina osamva liwu ndi limodzi lomwe. Pano ine ndiima pang'ono. Kwa zaka zambiri oimba athu ena ankaganiza kuti wofuna kumveka kunja ayenera kuvula chiyankhulo chake ngati malaya akumunda. Esau sanavule, ndipo chimene chinakopa akunjawo ndicho Chicheŵa chomwecho.

Chimbale chawo choyamba chenicheni, Warm Heart of Africa, chinatuluka mu 2009, ndipo M.I.A. ndi Ezra Koenig wa Vampire Weekend anaimba nawo. Pambuyo pake Tron anachoka, Esau anabwerera kumudzi, ndipo Karlberg ndiye anayamba kumutsatira kuno. Chimbale chachiŵiri, MTMTMK, cha mu 2012, anachijambulira ku Lilongwe. Chachitatu, Makes a King, cha mu 2015, anachikonzera m'mudzi wa M'dala Chikowa m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi. Mu 2016 anaimba pamodzi ndi gulu la Mumford & Sons ndiponso Baaba Maal wa ku Senegal pa kachimbale kotchedwa Johannesburg.

Nanga inu a ku Nkhata Bay nkhaniyi ikukukhudzani motani? Mlatho umene oimba a ku Mangalande anawolokera pobwera kuno unamangidwira pamchenga wanu. Will Jameson, mnyamata wa ku Mangalande amene anagwirako ntchito yodzipereka m'Malaŵi, atabwerera kwawo anayambitsa madansi ku Liverpool naŵatcha Chibuku Shake Shake, dzina la moŵa wathu wa m'mapaketi uja. Mu 2004 anayambitsa chikondwerero cha Lake of Stars pa Chintheche Inn. Chikondwererochi chinasamukira ku Senga Bay mu 2008, kenaka ku Mangochi, kumene kunaimba magulu a ku Mangalande monga The Maccabees mu 2009 ndi Foals mu 2011. A The Very Best nawonso anakwerapo pansanja ya chikondwererochi, Esau n'kuimba pamaso pa anthu omva mawu ake onse.

Komabe tinene zoona: dzina la Esau linamveka kwambiri kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kuposa kuno. Nthaŵi imene nyuzipepala za ku Ulaya ndi ku America zinkatamanda chimbale cha 2009, m'mabasi a pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay munkalira Lucius Banda ndi Black Missionaries, ndipo ndi ochepa amene akanatha kutchula nyimbo imodzi ya mwana wa ku Mzuzu ameneyu. Chifukwa china n'chakuti nyimbozo zinkafalikira pa intaneti, imene masiku amenewo inali isanafike m'manja mwa mlimi wa mpunga kapena msodzi wa usipa.

Lake of Stars inabwereranso ku Chintheche mu 2016, ndipo mu 2019 inachitikira pa Kachere Kastle, m'boma lomweli la Nkhata Bay.