Kusenza Mtanda: Ciyambi ndi Tanthauzo la Mauwa

Mau akuti "kusenza mtanda" timawamva pa maliro, m'cipatala ndi m'misonkhano ya azimai, koma si nthawi zonse pamene timawanena monga mwini wake anawanenera. M'Mauthenga Abwino apezeka kasanu: pa Mateyu 10:38 ndi 16:24, pa Marko 8:34, ndi pa Luka 9:23 ndi 14:27. Monga mwa Marko, Yesu anawanena ali kumidzi ya ku Kaisareya wa Filipi, Petro atangobvomereza kuti Iye ndiye Kristu. Sanauze khumi ndi awiri okha, koma anaitana khamu lonse. Tsono mauwa si a abusa ndi alaliki okha ai, ndi a munthu aliyense wofuna kumtsata.

Anthu a tsiku lija sanaganize za mtanda wa pa denga la calici kapena wobvala m'khosi. Mtanda unali cilango ca Aroma ca akapolo, acifwamba ndi oukira boma, ndipo nzika ya Roma kawirikawiri sinali kupacikidwa. Wolemba mbiri waciyuda Josephus afotokoza kuti Herode Wamkulu atamwalira m'caka ca 4 BC, kazembe Varus anapacika Ayuda pafupifupi 2,000 pothetsa cipanduko. Woweruzidwa anali kusenza yekha mtengo wopingasa kupita nao kumalo ophera, anthu akupenya. Kwa Myuda manyazi anali awiri, popeza Deuteronomo 21:23 amuyesa wotembereredwa munthu wopacikidwa pa mtengo. Amene anakumana ndi munthu wosenza mtengo umenewu anadziwa kuti uyu sabwereranso, ndipo za munda wake, za malonda ace ndi za mbiri yake zatha.

Pamodzi ndi kusenza mtanda pali kudzikana. M'Cigriki, liu limene Marko analemba pano ndi lomwe lija analembanso pa 14:30 ponena za Petro kukana Ambuye. Petro ananena kuti munthu uja samdziwa ndipo alibe naye kanthu. Wophunzira auzidwa kucita comweco ndi iye mwini, ndiko kuleka kudziyesa mwini wa moyo wake. Luka aonjezapo kuti ici ncocita tsiku ndi tsiku, ndipo pamenepa mpamene nkhani ifika kwa ife amene mwina sitidzaphedwa konse cifukwa ca cikhulupiriro.

Tiyenera kusiyanitsa mtanda ndi mabvuto ena. Matenda a shuga, cilala ndi kusowa nchito zigwera Mkristu ndi wosakhulupirira yemwe, ndipo palibe amene azisankha. Baibulo lili ndi maina ena a zimenezi. Paulo anacha bvuto lake munga m'thupi, napempha katatu kuti licoke, ndipo pa Agalatiya 6:2 anena za zothodwetsa zimene tiyenera kusenzerana. Mtanda ndi cimene munthu ataya cifukwa camtsata Yesu, pamene akanatha kucipewa mwa kumkana.

Apa tifuna kunena mosabisa, pakuti kusokoneza kumeneku kwapweteka anthu. Mai womenyedwa ndi mwamuna wake akauzidwa ndi alangizi kapena akulu a mpingo kuti "pirirani amai, ndiwo mtanda wanu", mau a Ambuye asanduka cophimbira chimo la womenyayo. Yesu yemweyo anauza ophunzira pa Mateyu 10:23 kuti akazunzidwa m'mudzi wina athawire kwina, ndipo Paulo atamangidwa kuti akwapulidwe anachula ufulu wake monga nzika ya Roma (Macitidwe 22:25). M'dziko muno tili ndi lamulo la 2011 loletsa nkhanza zotere, ndipo apolisi ali ndi Victim Support Unit. Kupita kumeneko si kutaya mtanda.

Zitsanzo za mtanda weniweni zilipo m'mbiri ya mpingo. Mbusa wa ku Germany, Dietrich Bonhoeffer, analemba buku la za kutsata Kristu m'caka ca 1937, modzudzula cisomo cochipa cimene cikhululukira munthu osamuitana kulapa. M'caka ca 1939 anali ku New York, kutali ndi Hitler, koma anabwerera kwao patapita masabata ocepa. Anapacikidwa ndi cingwe ku Flossenbürg pa 9 April 1945. Ku Uganda, Bishopu Wamkulu Janani Luwum anaphedwa mu February 1977 atadandaula kwa Idi Amin za kuphedwa kwa anthu. Onse awiri anali nayo njira yopulumukira, koma sanaitsate.

Wathu mtanda kawirikawiri ndi waung'ono kuposa apo, koma mtundu wake ndi womwewo. Kalaliki akana ciphuphu, anzake a mu ofesi namusala. Mlamu akana kulanda katundu wa mkazi wamasiye, abale ake namuyesa wopandukira mtundu. Mnyamata akana kupita kwa sing'anga kukafunsa amene analodza atate ake, nakhala yekha pa bwalo la banja. Ncifukwa cake pa Luka 14 Yesu apereka fanizo la womanga nsanja ndi la mfumu ya asilikali 10,000 yokumana ndi ina ya 20,000, kuti munthu ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera asanalonjeze. Ife tiona kuti phunziro limeneli liyenera kumveka bwino m'kalasi la ubatizo, osati kudikira kufikira munthu atakumana nazo.

Munthu mmodzi yekha ndiye anasenzadi mtanda wa Yesu ndi mapewa ake, Simoni wa ku Kurene, mzinda wa kumpoto kwa Africa, m'dziko limene lero ndi Libya. Iye sanasankhe, asilikali anamkakamiza ali kucokera kumidzi. Marko 15:21 achula ana ake awiri, Alesandro ndi Rufo, monga anthu odziwika kwa owerenga, ndipo akatswiri ambiri aganiza kuti banjali linadzalowa mu mpingo. Dzina la Rufo lipezekanso pa Aroma 16:13, pamene Paulo apereka moni kwa iye ndi kwa amai ake.