Mphatso za makampani pa nkhondo ya Edzi: zinabwera liti, zinasiya chiyani?

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno anadziwika mu 1985, koma mu ulamuliro wa Kamuzu Banda nkhaniyi inkakambidwa monong'ona. Kwathu ku Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu anthu ankangoti kaliwondewonde. Osamalira odwala anali achibale, amayi a Chigwirizano ndi anamwino a pachipatala cha mishoni cha Nkhoma.

Makampani akunja analowa mochedwa. Mu 2000, Boehringer Ingelheim ya ku Germany inalengeza kuti ipereka ulele mankhwala a nevirapine kumayiko osauka kwa zaka zisanu, kuti mwana asatenge kachilombo kwa mayi pobadwa. Koma pa nthawi yomweyo makampani 39 a mankhwala anali atasumira boma la South Africa chifukwa cha lamulo lofuna kutsitsa mitengo ya mankhwala. Anausiya mlanduwo mu Epulo 2001 anthu atachita zionetsero. Ine ndikuona kuti chifundocho chinakula chifukwa odwala anayamba kufuula.

Zabwino zinatsatiradi. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere ndi ndalama za Global Fund. Mu 2006 chipatala cha ana cha Baylor chinatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe ndi thandizo la Abbott Fund. Mu 2014 kunayamba DREAMS, pulogalamu ya boma la America yoteteza atsikana, yomwe makampani monga Johnson & Johnson anaikapo dzanja.

Komatu piritsi silidziyendera lokha kukafika kumudzi. Kuti mayi woyembekezera alandire nevirapine, ankayenera kuvomera kuyezetsa magazi kaye. Omulimbitsa mtima anali alangizi a zaumoyo, mafumu ndi magulu a anthu omwe ali ndi kachilombo, monga NAPHAM. Ambiri mwa anthu odziperekawa ankayenda pansi kapena panjinga, osalandira kanthu. Ngakhale njira ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo amwe ma ARV moyo wake wonse, inayambira kuno mu 2011, mayiko ena n'kutengera.

Boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, tinakumbuka mwambi uja: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anzanga, kampani ikabwera ndi cheke, tiziyamika, koma tizifunsanso: thandizoli litha chaka chiti, nanga wodzipereka wa ku Mitundu adzalipidwa ndi ndani?