Asanakupatseni Maikolofoni

Caka catha m'nyengo yozizira, mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa mbiri yakale mu Giredi 12 anandipeza pa siteshoni ya mabasi m'tauni. Sitinamalize ndi moni womwe.

"Aphunzitsi, nalema ine," anatero. "Iyi atachimenti ni ukapolo cabe."

Anali m'caka caciwiri ku koleji, kuphunzira za utolankhani, ndipo wailesi ina ya muno mu Lusaka inali itamulandira kwa miyezi itatu kuti aone m'mene nchito imayendera. Masabata asanu anali atapita, koma maikolofoni anali kuikhudza pokhapo poipukuta fumbi. Nchito yake inali kupinda nthambo, kunyamula cojambulira mau kumbuyo kwa mtolankhani, kulemba papepala zimene anthu akamba, kumasulira nkhani kucokera m'Cingelezi, ndi kutumidwa vitumbuwa. Malipiro panalibe. Ndalama ya mabasi awiri kupita ndi awiri kubwerera ku Kanyama inali kucokera pa thebulo la matimati la amai ake.

Ine si munthu wa pa wailesi, ndine wa choko ndi bolodi. Koma madzulo amenewo funso linandikakamira: anthu oyamba kukamba Cinyanja pa wailesi muno m'dziko anaphunzira kuti nchitoyo, popeza koleji yake kunalibe?

Boma la atsamunda linatsegula kawailesi kake mu Lusaka m'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ili mkati. Colinga cinali kuuza anthu za nkhondoyo, maka-maka mabanja amene ana ao anali kuusilikali. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, analimbikira kuti Lusaka ikhale likulu loulutsira mau kwa anthu akuda a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Ndiyo inachedwa Central African Broadcasting Station. Bvuto linali lakuti omvera analibe mawailesi. Mu 1949 munabwera kawailesi kochipa kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, kozungulira ngati sefuliya, kopakidwa utoto wa buluu, koyendera batire, mtengo wake mapaundi 5. Dzina lake linali Saucepan Special. Mphunzitsi, kalaliki kapena wa ku migodi anali kutha kusunga ndalama n'kukagula, ndipo madzulo komboni yonse inali kusonkhana pakhomo pake.

Tsopano anthu onsewa anafuna kumva ciyankhulo cao. Wailesiyo inali kuulutsa m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele, kuonjezera pa Cingelezi, ndipo azungu amene anali kuyendetsa nchito sakanakwanitsa zimenezo okha. Anayamba kutenga anthu amene anali ndi kasukulu ndithu: aphunzitsi, makalaliki, omasulira, asilikali obwera kunkhondo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi pepala la za wailesi. Munthu anali kuyamba ndi kumasulira nkhani, kusankha makalata a omvera, kuonerera mnzake akugwira nchito, mpaka tsiku limene anamuuza kuti khala apa, nyali yofiira ikayaka uyambe. Dzina lakuti atachimenti kunalibe, koma cinthu cake ndi comweci.

Tengani Alick Nkhata. Ambiri a inu mumadziwa dzinali cifukwa ca mseu umene umadutsa pa Mass Media Complex, pamene pali ZNBC. Iye anabadwira ku Kasama mu 1922, anaphunzira za uphunzitsi, anapita kunkhondo ku Burma. Atabwerako anakhala wothandiza Hugh Tracey, mzungu amene anali kuzungulira maiko a kuno kujambula nyimbo za makolo. Ganizirani nchito ya wothandiza paulendo wotere. Ndi iye amakamba ndi anthu a m'mudzi, ndi iye amamasulira, ndi iye amaona kuti woimba ng'oma akakhala pafupi kwambiri ndi maikolofoni mau a azimai samveka. Pamene Nkhata analowa nchito pa wailesi ya ku Lusaka ca m'ma 1950, khutu lake linali litapsa kale. Anajambula oimba ambiri, anaimba yekha ndi gulu lake, ndipo pambuyo pake anakwera mpaka kukhala waciwiri kwa mkulu wa zoulutsa mau. Anafa mu Okutobala 1978, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi famu yake ku Mkushi. Tsiku lililonse ana a atachimenti amayenda pansi pamseu wa dzina lake, zikwama kumsana, osadziwa kuti mwini dzinalo nayenso anayambira kumbuyo kwa munthu wina.

Koma ndisakunamizeni kuti kale zonse zinali bwino. Khomo linali lotseguka, denga linali lofupika. Wakuda anali kuphunzira nchito yonse, koma mipando ya pamwamba ndi mau omaliza pa zimene ziulutsidwe zinali za azungu. Ndipo amene anali kulipira mtengo wa zimenezi anali mwini mau amene anthu anawazolowera. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, anasimba m'buku lake lochedwa Wayaleshi, la mu 1959, zimene zinacitika pa nthawi ya citaganya ca 1953 cimene anthu akuda anacikana. Aulutsi anali kuwerenga nkhani za boma zoyamikira citaganyaco, ndipo m'makomboni munabuka mphekesera yakuti iwo ndi banyama, ogwira anthu usiku. Munthu yemweyo amene dzulo anali kukondedwa powerenga moni wa omvera pa pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, lero anali kuopa kuyenda m'komboni yake. Nkhani analemba ndi wina, koma mau anali ake.

Ufulu utabwera mu 1964, panafunika anthu athu ambiri msanga-msanga. Ena anatumizidwa ku BBC ku London kwa miyezi ingapo. Evelyn Hone College, imene inatsegulidwa mu 1963, inadzakhala malo ophunzitsira atolankhani, ndipo pambuyo pake kunabwera ZAMCOM ndi maphunziro a zofalitsa nkhani pa UNZA. Pepala linayamba kufunika. Ngakhale n'tero, funsani agogo anu za Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo. Munthu mmodzi anali kusintha mau kukhala nkhalamba, mwana, mfumu ndi fisi, anthu n'kusiya nsima kuzizira m'mbale. Kudziwa pamene uyenera kutsitsa mau, pamene uyenera kukhala cete kamphindi kuti womvera asendere pafupi, zimenezo sizilembeka pa bolodi. Ine ndaphunzitsa zaka khumi, ndikudziwa pamene bolodi imathera.

Kusintha kwina kwakukulu kunabwera m'zaka za m'ma 1990, boma litalola kuti anthu atsegule mawailesi ao. Radio Phoenix inayamba mu 1996, kenaka a mipingo ndi a m'madera monga Radio Chikuni kum'mwera ndi Breeze FM ku Chipata. Makomo anaculuka, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri amene mumawamva lero analowera pamenepo, poyamba ongothandiza Loweruka, kenaka pulogalamu yao-yao. Koma mawailesi ang'ono ndalama n'zocepa, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Kalaliki wa mu 1950 amene anali kuphunzira kuulutsa mau anali wolembedwa nchito, mwezi ukatha anali kulandira kanthu. Mwana wa lero amalipira koleji, ndiye alipirenso basi kuti akagwire nchito yaulere. Wa ku Kabulonga amamutula ndi galimoto pa geti. Wa ku Kanyama, Chawama kapena Chipata Compound, amene ndiye amadziwa Cinyanja ca omvera eni-eni, amawerenga makobiri m'mawa uliwonse. Mnyamata wina amene anayamba pamodzi ndi wophunzira wanga uja analeka sabata lacitatu. Luso anali nalo, ya basi ndiyo analibe.

Mtsikanayo ndinamuuza zonsezi tili ciimire pa siteshoni, mwacidule, ndipo sindikhulupirira kuti za Hugh Tracey zinamutonthoza. Ndinamuonjezera ya basi ya sabata limodzi. Anapitiriza.

Sabata lacisanu ndi citatu, wowerenga nkhani za m'Cinyanja anadwala, ndipo m'cipinda ca nkhani munalibe wina woti n'kuwerenga ciyankhuloco osapunthwa. Mkonzi anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa wopinda nthambo uja, amene kwa miyezi iwiri ndiye anali kumasulira nkhani zomwezo tsiku ndi tsiku. Ananditumira uthenga pa foni: "Aphunzitsi, yatsani wailesi 13 koloko." Ndinamvera m'cipinda ca aphunzitsi, foni nditaitsamiritsa ku mulu wa mabuku osachonga. Anawerenga mphindi zinai. Anathamanga pa nkhani yoyamba, anapunthwa pa dzina la nduna, koma pofika pa mitengo ya cimanga mau anali atakhazikika, ndipo mphunzitsi wa masamu anasiya kutafuna n'kufunsa kuti ameneyo ndani.

Miyezi itatu itatha sanamulembe nchito. Anamupatsa kalata yomuyamikira ndi mau ake ojambulidwa, ndipo ndi zimenezo wailesi ina yaing'ono inamupatsa theka la ola Loweruka m'mawa, kukamba ndi azimai a m'misika. Kumenekonso malipiro sanayambe. Amai ake amatsegula wailesi pa thebulo la matimati, ndipo aliyense wobwera kudzagula amayamba wamva kaye kuti amene akukambayo ndi mwana wao.